Galu wa Filipo

Ine Esnart ndili ndi pakamwa, zimenezo ndivomereretu. Kwathu kuno, kumunsi kwa Namitete, anthu amati ndikayamba kuyankhula ngakhale nkhuku zimasiya kujompha kuti zimve. Sindinkaona vuto lililonse. Mayi wolera yekha ana atatu akakhala wofatsa, amamudyera masuku pamutu.

Dimba langa lili m'mbali mwa mtsinje wa Namitete. Si lalikulu, mabedi a tomato khumi ndi awiri basi, koma kumunsi kwake kuli chitsime chimene bambo anga, malemu a Lazaro, anakumba ine ndili mtsikana. Zitsime za anzanga zimauma mu Okutobala, changacho sichinaumepo. Ana anga adya, avala ndi kuphunzira chifukwa cha madzi amenewo. Bambo awo anapita ku Mchinji kukagula mtedza chaka china, ndipo mpaka lero akugulabe.

Mu Febuluwale mtsinje unasefukira. Unagumula gombe, n'kutenga mkuyu waukulu umene unali pamalire a dimba langa ndi la a Chakufwa, pamodzi ndi bikoni imene inali patsinde pake. Bikoni ndi kachipilala ka simenti kokhala ndi chitsulo pakati. A boma anazika zambiri kuno kalekale, nthawi imene ankalemba malo a mabanja, ija akuluakulu amaitcha ya ndunda. Madzi ataphwa panatsala mchenga wokhawokha, osadziwikanso kuti panga ndi pati, pa mnzanga ndi pati.

A Chakufwa anakulira ku maesiteti a fodya ku Kasungu, kumene makolo awo anali matenanti, ndipo anabwerera zaka zisanu zapitazo kudzalima malo a mayi awo. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu. Anthu otere amandipsetsa mtima kuposa olongolola, chifukwa sudziwa pomwe ungawagwire. Tsiku lina mu Juni ndinawapeza ataima pafupi ndi chitsime changa, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi.

"Amake Linda," anatero, "ine ndikukumbuka kuti ndili mwana malire ankadutsa kumtunda uko. Pamene pali chitsimepa, amayi ankadzalapo nzimbe."

"Mukukumbuka?" ndinatero ine. "Munachoka muno mamina ali lende, lero mukukumbuka malire? Mkuyu wapita ndiye mwati mupezerepo mwayi, eti?"

Sindinalekere pomwepo. Amayi amene ankachapa pamtsinje anamva ndikuwatcha a Chakufwa mbava yoyenda ndi Baibulo kukhwapa. Ndinanena kawiri, kuti amene sanamve bwino poyamba amvetse. Iwo anangovula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso, kenako anapita kukadandaula ku komiti ya malo ya m'mudzi mwathu.

Wapampando wa komitiyo ndi mayi Rejoice, mphunzitsi wopuma ntchito, amene amalemba chilichonse m'kope lachikuto chofiira. Atamva mbali zonse anati nkhaniyi ndi yosavuta. Bikoni ili ndi chitsulo, ndipo m'mudzi muno muli munthu amene ntchito yake ndi kufunafuna zitsulo mumchenga.

Ankanena a Filipo. Bambo ameneyu anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Anzake anabwerako ndi njinga zamoto ndi malata, iye anabwerako ndi ndodo yachitsulo yokhala ndi mbale kunsonga, imene imalira ikadutsa pamwamba pa chitsulo chokwiririka. Anthu anaitcha galu wa Filipo, chifukwa imayenda mphuno ili pansi. Mtsinje ukaphwa mumamuona m'mamawa akuyenda pang'onopang'ono pamchenga, mahedifoni m'makutu, thumba la feteleza paphewa, akupukusa ndodoyo uku ndi uku. Amatola makasu akutha, masipoko a njinga, zitsekerero za mabotolo, nthawi zina makobidi akale aja oboola pakati. Zolemera amagulitsa kwa ogula zitsulo ku Namitete, makobidiwo amasunga m'chitini. Ine ndinkamuseka poyera. Ndinkati ena amaweta nkhumba, a Filipo aweta galu wodya mabatire.

Vuto linali limodzi. A Filipo ndi mkamwini wa kwa a Chakufwa, anakwatira mlongo wawo. Ndinaimirira pamsonkhano pomwepo.

"Mayi wapampando, galuyo akalira amamva ndani? Si mwini wake yekha m'makutu mwake? Ndiye mlamu wawo wa a Chakufwa azitiuza kuti apa palira, apa sipanalire, ife n'kumangovomera? Ayi. Tsikulo azule zam'makutuzo, makinawo alire poyera, aliyense amve. Ndipo asese gombe lonse ndi madimba onse awiri, asasiye ngakhale pokwana phazi."

A Filipo anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, mwachisoni, koma ine ndinaganiza kuti ndawagwira. Mayi Rejoice analemba mawu anga m'kope lofiira lija ndipo anawawerenga mokweza. Ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Nthawi yonseyi amayi anga, a Magdalena, anali ku Nsaru kwa mng'ono wawo, kumene ankachira mwendo. Anafika Lachisanu madzulo, ndipo ntchito ya a Filipo inali Loweruka. M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Ndinawafotokozera zonse monyadira, mpaka za mahedifoni. Ndikuyankhula ndinaona kuti zala zawo zaima.

"Wati asese madimba onse awiri?"

"Onse. Ndikufuna a Chakufwa achite manyazi pamaso pa anthu."

Amayi anaika lichero pansi. "Khala apa, Esnart."

Ndinakhala. Anayamba ndi chaka cha njala ija ya 2002, pamene tinkadya zitsinde za nthochi. Chaka chimenecho tinaika m'manda mlongo wanga Yonasi, ali ndi zaka zinayi. Zimenezo ndinkazidziwa. Zimene sindinkadziwa ndi zakuti bambo anakumba maenje atatu m'dimba lathu osapeza madzi, ndipo madzi anawapeza pakati pa nzimbe za mayi ake a Chakufwa, eni ake ali kutali ku esiteti.

"Bikoni ya boma inawakanika kuzula," anatero amayi. "Anaiphwanya mutu ndi nyundo, chitsulo anachidula ndi sowo, chotsalacho anachikwirira. Ija ya pamkuyu anaumba okha. Simenti yake ndinasenza ndine m'ndowa."

"Amayi, mukuti chiyani?"

"Yeniyeniyo ili pansi pa bedi lako lachitatu, kuchokera kumtunda. Chitsime chili kwa eni ake, mwanawe. Ndinalapa kwa ansembe kangapo konse. Iwo ankati ndikauze eni malo. Chimenecho ndiye chinandikanika."

Ndinakwiya, koma sindinadziwe kuti ndikwiyire ndani. Bambo ali m'manda, amayi ndi okalamba, ndipo amene analamula kuti galu alire poyera ndine ndemwe. Ndinaganiza zothamanga ndi piki kukafukula chinthucho n'kuchiponya m'madzi. Nditasuzumira kumtsinje ndinaona anthu atayamba kale kutsetsereka, ena atanyamula mipando ngati akupita kumpira. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unali utafika kale pagombe kundidikira.

Nditafika ndinapeza anthu oposa makumi atatu. A Chakufwa anaima pambali, chipewa m'manja. Mayi Rejoice anakhala pa kampando, kope pamiyendo. A Filipo anagwada pamchenga akuika mabatire atsopano. Mahedifoni anali m'khosi mwawo, chingwe chake chikadali cholumikiza. Atandiona anaimirira, n'kubwera ngati akufuna kundifunsa za mabedi, ndipo anayankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Amake Linda, nenani kuti ndivale zam'makutuzi."

"Chifukwa chiyani?"

"Madzi atangophwa ndinadutsa m'dimba mwanu. Galuyu analira pabedi lachitatu, kulira kwa chitsulo chokhuthala choima chilili. Ndakhala chete miyezi isanu. Chaka cha njala ndinali mwana wamasiye, ndinkadya mpiru wa m'dimba la bambo anu tsiku ndi tsiku osalipira. Nenani, ndidutsapo ngati palibe kanthu."

Ndinamva manyazi aakulu. Munthu amene ndinkamuseka pamaso pa ana ndiye anali atandisungira chinsinsi, kubisira ngakhale mlamu wake. Ndikanangonena mawu awiri okha chitsime chikanakhala changa mpaka kalekale.

"Tiyambe," anatero mayi Rejoice. Anatsegula kope n'kuwerenga: "Makina alire poyera, aliyense amve. Asese gombe lonse ndi madimba onse awiri. Mawu a amake Linda." Kenako anakweza maso pamwamba pa magalasi. "A Filipo, chingwecho chikadali cholumikiza. Kapena pali chimene chasintha, amake Linda?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. A Chakufwa nawonso anandiyang'ana, osati mwaukali, anangondiyang'ana basi, monga anachitira tsiku lija ndinawatcha mbava. Ndinaganiza za fizi ya Linda. Ndinaganiza za Okutobala, dothi litang'ambika, tomato atagona. Ndinatsegula pakamwa.

"Zimene ndinanena ndinanena," ndinatero. "Zulani chingwecho."

Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chilungamo kapena makani chabe. Mwina zonse ziwiri zinatulukira pakhomo limodzi. A Filipo anapumira m'mwamba, anazula chingwe, n'kupereka mahedifoni kwa mayi Rejoice.

Anayambira kumunsi, pamphepete penipeni pa madzi. Ndodo inkapita kumanja, kumanzere, mbale yake itatsala pang'ono kukhudza mchenga, iwo n'kuponda phazi limodzi kutsogolo. Makinawo ankangong'ung'udza chapansipansi. Patapita kanthawi analira kuti tswii, anthu onse n'kudumpha. A Filipo anapalasa ndi dzanja, n'kutulutsa chitsekerero cha botolo. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Analiranso: supuni yopindika. Analiranso: khasu lodyeka ndi dzimbiri, limene agogo ena anati ndi lawo, linapita ndi madzi chaka chatha.

Dzuwa litakwera ndithu, pamalo pamene mtsinje unaunjika mchenga ndi zinyalala, makinawo analira mwamphamvu. Amuna awiri anabwera ndi mafosholo. Anakumba mpaka m'mawondo, ndipo panaoneka simenti.

"Bikoni! Bikoni yapezeka!"

Inali ija ya pamkuyu. Mtima unayamba kutsika pang'ono. Ndinati mwina athera pomwepa, anthu atopa, njala yawagwira. Koma inali itagona chammbali, kutali ndi pamene panali mtengo, ndiye sikanatha kuuza munthu malire. Poitulutsa inasweka pakati ngati chigumu chouma. Mayi Rejoice anawerama n'kutola chitsulo chimene chinali mkati mwake. Anachipukuta ndi mpango, anachitembenuza, n'kuchikweza kuti onse aone. Chinali chitsulo cha pedulo ya njinga.

"Boma silinkaika mapedulo m'mabikoni," anatero pang'onopang'ono. "Ndipo za boma zimakhala ndi nambala m'mbali. Iyi ilibe."

Wina kumbuyo anatsokomola. Njinga ya bambo anga aliyense wamkulu ankaikumbuka, Hamba yakuda imene inakhala zaka zambiri yopanda pedulo imodzi.

"Pitirizani, a Filipo," anatero mayi Rejoice. "Madimba onse awiri."

A Filipo anayamba ndi la a Chakufwa. Anachedwa m'menemo mwadala, ndinaona, akubwereza mizere imene anadutsa kale, ngati akudikira kuti mabatire athe kapena mvula igwe mu Ogasiti. Anapeza msomali ndi waya basi. Kenako analowa m'dimba langa. Anadutsa pachitsime. Anakwera bedi lakhumi ndi chiwiri, lakhumi ndi chimodzi, lakhumi. Tomato anali atayamba kufiira, ndipo a Filipo ankaponda mosamala kuti asathyole nthambi. Anthu ankatsatira m'mbali mwa mpanda. Ine ndinkawerenga mabedi chamumtima. Lachisanu ndi chimodzi. Lachisanu. Pa lachinayi a Filipo anaima, anapukuta thukuta, n'kundiyang'ana komaliza. Sindinagwedeze mutu, sindinachite chilichonse.

Anaponda bedi lachitatu. Galuyo analira kulira kumene sanalire tsiku lonse, kosalekeza, mpaka mbalame zinauluka m'bango.

Ndinatenga khasu m'manja mwa mwamuna wina. Ngati tomato wanga azulidwe, ndimuzule ndekha. Ndinazula mitengo inayi yodzaza ndi zipatso, n'kuyamba kukumba. Dothi linali lofewa chifukwa ndinathirira dzulo lake. Nditafika mozama ngati mkono, khasu linagunda chinthu cholimba. Ndinapalasa ndi manja. Inali simenti yakuda, yolimba ngati mwala, mutu wake wophwanyika, pakati pali kachitsulo kodulidwa bwinobwino ndi sowo. M'mbali mwake nambala inkaoneka. Mayi Rejoice anaiwerenga mokweza n'kuilemba. Kuchokera pamenepo kukafika kumtsinje, mabedi asanu ndi anayi ndi chitsime, zonse zinali kumbali ya a Chakufwa.

Anthu anayamba kunong'onezana. Mayi wina mwa amene ankachapa tsiku lija ananena mokweza kuti, "Nanga mbava ija ndi iti?" Sindinamuyankhe. Kanali koyamba m'moyo wanga kusiya mawu a munthu akugwa pansi osawatola.

Kenako anthu anapatuka. Amayi anga anali akutsetsereka ndi ndodo yawo, akukoka mwendo wodwala uja. Anadutsa ine osandiyang'ana, anakafika pamaso pa a Chakufwa, n'kugwada pamchenga, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri.

"Mwana wanga Chakufwa, mwanayu sankadziwa. Wamva lero m'mawa. Tinachita ndi ife, ine ndi malemu amuna anga. Nzimbe za amayi ako tinazula ndi ife."

A Chakufwa anawadzutsa msangamsanga. Anayang'ana chitsime nthawi yaitali, ndipo poyankhula mawu awo anali otsika ngati kale.

"Amayi anamwalira ku esiteti akunena za nzimbe zimenezo. Ife tinkati ndi ukalamba. Chaka chimenecho njala inali paliponse, amayi. Nafenso tinaika awiri. Inu pitani mukapume."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amake Linda, tomato ali m'mabedimu ndi wanu, mukolole. Za chaka chamawa tidzakambirana pamaso pa komiti. Madzi sindimana munthu, Mulungu angandilange. Koma chitsimechi chili m'dimba langa. Ndimanga mpanda pamalire enieni, ndipo wolowa m'dimba la mwini amayamba waodira."

Sananene za mbava, sananene za Baibulo. Ndikanakonda akanandilalatira, chifukwa kulalata ndimakudziwa poyambira ndi pothera. Anthu anabalalika pang'onopang'ono. A Filipo anatola chitsulo cha pedulo chija, anachiyang'ana, ndipo m'malo mochiponya m'thumba lawo anandipatsa m'manja.

Lamulungu sindinapite kudimba. Lolemba sindinapite. Ndinauza ana kuti mutu ukundipweteka, ndipo unkandipwetekadi. Lachiwiri Linda anabwera kuchokera kumtsinje n'kunena kuti masamba a tomato ayamba kulendewera. Anati apite iye akatunge. Ndinamukaniza. Amene anatukwana si iye.

Lachitatu m'mawa ndinanyamula makheni awiri othirira. Mpanda watsopano wa bango unali utaima kale, wowongoka bwino, kudutsa pabikoni ija, ndi kachitseko kansungwi pakati. Kuseri kwake ndinkaona chitsime, miyala imene bambo anayala m'mbali mwake, ndi chingwe changa chomwe chili pamtanda. A Chakufwa anali chapafupi, atandifulatira, akupalira anyezi. Kumtsinje amayi ochapa aja anasiya kumenya zovala pamwala.

Ndinaima pakachitsekopo. Sikanali kokhoma, ndikanangokakankha ndi bondo. Ndinayang'ana tomato wanga atazolika mitu, ndinayang'ana makheni. Ine amene mawu sanandithawepo, kamawu kamodzi kokha kanandikakamira pakhosi ngati mbatata youma.

"Odi," ndinatero. Kanatuluka kakang'ono, khasu la a Chakufwa silinaime.

Ndinaika makheni pansi, ndinapinda mawondo monga anandiphunzitsira amayi ndili mwana, n'kuwomba m'manja.

"Odi, a Chakufwa. Ndapempha nawo madzi."

Khasu linaima. Anatembenuka, anavula chipewa.

"Lowani, amake Linda," anatero. "Chitsime anakumba bwino bambo anu."